Boti lopirira mwera liyesedwe litasenza katundu

Funso: Ndili ndi chilimira, ukonde waukulu wophera usipa, ku Msaka. Masiku ano usipa tikukaupeza kutali, kupitirira chilumba cha Mumbo, ndipo boti langa la mamita 6 limamwa madzi mwera ukangoyamba. Ndasunga kangachepe. Anzanga akuti ndigule boti la faiba ndi injini ya 40 hosipawa kuti ndizithawa mafunde. Ena akuti ndikhometse la matabwa lokulirapo. Nditsate ziti?

Yankho: Bambo, pa ntchito ya chilimira khometsani la matabwa, lotalika mamita 8 kapena 9, lotambalala pafupifupi mamita 2 pamimba. Ndalama zambiri zithere pa thupi la boti, injini ibwere pambuyo. Boti losenza ukonde wonyowa, alovi (anthu okoka ukondewo) ndi nsomba silithawa mafunde, ngakhale mutalimangirira injini yaikulu bwanji. Chimene chimalifikitsa kudoko ndi mpata wotsala pakati pa madzi ndi mlomo wake (m'mphepete mwa pamwamba mwa mbali za boti), kapangidwe ka mutu ndi kumbuyo kwake, komanso khalidwe lake madzi akalowa. Zitatu zonsezi sizioneka boti lili pamchenga lopanda kanthu. Zimaoneka litasenza.

Nyanja yathuyi ndi yaitali makilomita opitirira 550, ndipo inagona kuchokera kumpoto kutsikira kumwera, momwe mphepo zake zikuluzikulu zimawomberanso. Mafunde ake ndi oimirira ndi ofupikirana. Mutu wa boti usanadzuke pa funde loyamba, lachiwiri lafika kale, ndipo ndi lachiwirilo kapena lachitatu limene limagwera m'kati.

Kwa inu a ku Msaka ndi ku Chembe, mwera ndi wachinyengo. Umawomba kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti, nthawi zina kulowa mu Sepitembala, ndipo umachokera kumwera chakum'mawa. Usanagwe pamadzi anu umayamba wadutsa pamapiri, choncho pagombe pamakhala bata pamene kunja kukuwira. Popita mphepo imakhala kumbuyo kwanu, boti lili lopepuka, ulendo n'kumakoma. Mukapitirira zilumba za Domwe ndi Mumbo mulibenso chokutchingirani. Pobwerera m'bandakucha m'pamene mumayang'anizana nayo, boti litalemera, alovi atatopa, petulo atachepa. Injini ikazimira kumeneko mphepo sikukankhirani kwanu ayi, imakutengerani pakati pa nyanja, cha ku Salima. Mpoto wa nyengo ya mvula vuto lake ndi lina: umayenda mtunda wautali pamadzi usanafike ku Mangochi, ndipo mafunde ake aakulu amadzaswekera pa magombe osaya, pamalo pomwe mukufuna kukochezapo.

Tsopano tiwerengere katundu, chifukwa apa m'pamene boti lanu la mamita 6 likulepherera. Tiyerekeze alovi 9, aliyense makilogalamu 65: akwana pafupifupi 600. Onjezani ukonde wonyowa ndi miyala yake, zingwe, injini, petulo, mabatire a nyali, nangula, kenaka usipa wa usiku wabwino. Kufika makilogalamu 1,500 sikuvuta. Boti la mamita 6 lotambalala mita imodzi ndi theka limatsika m'madzi sentimita imodzi mukangoikamo makilogalamu 60 kapena 65. Katundu uja amalimiza masentimita oposa 20. La mamita 8 ndi theka lotambalala mamita 2 limafuna makilogalamu pafupifupi 120 kuti litsike sentimita imodzi yomweyo, choncho katundu yemweyo amalitsitsa masentimita 12 kapena 13 okha. Kusiyana kwa masentimita 10 amenewa n'kumene kumachititsa kuti funde lina lingonyowetsa malaya, lina lidzaze boti.

Musagule kapena kumaliza kulipira boti musanaliyese. Liyandamitseni pamadzi abata, muikemo matumba a mchenga a makilogalamu 50 okwana kulemera kwa ukonde ndi nsomba, muwaike pamalo enieni pamene katunduyo amakhala, alovi akwere, injini ikhale pamalo pake. Tengani tepi muyeze kuchokera pamadzi kufika pamlomo, pamalo potsikitsitsa. Pa madzi a kupitirira Mumbo, pasachepere masentimita 40; akakwana 50 ndiye bwino. Kenaka amuna anayi aime mbali imodzi monga amaimira pokoka chilimira. Boti lipendeke ndithu, koma lifike poima, mlomo ukadali masentimita 20 pamwamba pa madzi, ndipo akabwerera pakati lidzuke msanga. Likamapendeka mosalekeza, kapena kudzuka mozengereza, lisiyeni. Pamafunde lidzachita zoposa pamenepo. Mukakhutira, lembani mzere wa penti woyera kunja pamene madzi alekeza. Usiku wa usipa wambiri mzere umenewu ndi umene uzikangana ndi alovi m'malo mwanu.

Mutu wa boti ukhale wokwera, wakuthwa pansi, wotambasuka m'mwamba. Kuthwako kumang'amba funde, kutambasukako kumaponyera madzi kumbali ndipo kumaudzutsa ukamira. Mutu woonda kuyambira pansi mpaka pamwamba umaoneka waliwiro, koma umalowa m'funde osatuluka msanga. Muuzeni mmisiri akhome denga la matabwa pamutupo, lotalika mita imodzi kapena imodzi ndi theka, ndi kathabwa koimirira kumapeto kwake kobweza madzi. Pansi pa dengalo muzisungapo zopepuka zokha. Nangula, mabatire ndi miyala zikakhala kumutu zimaulemeretsa pa nthawi imene ukufunika kudzuka.

Pansi pa boti pasakhale pophwatalala monsemonse. Maboti ophwatalala ndi a ku Malombe ndi mumtsinje wa Shire, kumene madzi ndi osaya. Kunyanja yaikulu boti lotere limamenyetsa mimba pa funde lililonse, misomali imayamba kugwedera, phula limathothoka, ndipo mphepo ikalimenya m'mbali limangoseseleka. Komanso lisakhale losongoka kwambiri pansi ponse, chifukwa lotero limagwedezeka mukaima kuti mukoke ukonde, ndipo pamchenga limagona cham'mbali. Labwino ndi losongoka kutsogolo, n'kumaphwatalala pang'onopang'ono kulowera kumbuyo, lokhala ndi msana wotuluka pansi masentimita 8 kapena 10 kuti lizigwira njira. Pa msanapo akhomepo chitsulo chopyapyala kapena thabwa lotha kusintha, poti mchenga umadya tsiku ndi tsiku.

Kumbuyo n'kumene ogula ambiri sayang'anako, chonsecho madzi ambiri amalowera kumeneko. Injini zimabwera ndi miyendo iwiri: waufupi, wofuna thabwa la kumbuyo lotalika pafupifupi masentimita 38, ndi wautali, wofuna masentimita 51. Munthu akagula injini ya mwendo waufupi pamtengo wotsika, mmisiri amasema thabwa la kumbuyo kuti pulopela ifike m'madzi. Chibowo chimenecho chimakhala khomo la funde lililonse lochokera kumbuyo, makamaka mukachepetsa moto mwadzidzidzi, mukabwerera chambuyo, kapena woyendetsa ndi anzake awiri akaunjikana kumeneko. Gulani ya mwendo wautali. Ilinso ndi ubwino wina: boti likakwera funde pulopela yake situluka m'madzi n'kumazungulira m'malere. Patsogolo pa injini pakhale thabwa lotchinga kuchokera mbali ina kufika ina, lofika msinkhu wa mlomo, kuti madzi olowera pa injini athere m'kachipinda kameneko n'kutulukira pa timabowo ta kumbuyo.

Madzi akalowa, vuto si kulemera kwake kokha, ngakhale kuti nakonso si kochepa: masentimita 10 a madzi pansi pa boti pa malo otalika mamita 6 ndi otambalala mita imodzi ndi masentimita 20 ndi makilogalamu opitirira 700. Choopsa n'chakuti madziwo amayenda. Aliyense amene anasenzapo beseni la madzi losadzaza amadziwa mmene limakokera khosi uku ndi uku. Boti likapendeka pang'ono madzi onse amathamangira komweko, funde lotsatira n'kulimaliza. Usipa wothiridwa pansi wopanda zotchinga umachitanso chimodzimodzi. Ikani matabwa ogawa malo a nsomba, limodzi la m'litali pakati ndi awiri opingasa. Siyani malo amodzi opanda chilichonse pamene madzi amasonkhana, kuti munthu azikapa ndi ndowa momasuka, ndipo ndowazo zikhale ziwiri, zomangirira ku chingwe. M'munsi mwa nthiti iliyonse mukhale kampata kodutsa madzi. Mamba ndi mchenga zikatsekamo, madzi amakhala m'zigawozigawo osafika kwa wokapa.

Pali nkhani ya mabwato othandizira poponya chilimira. Ambiri amawasenzetsa chopingasa pamwamba pa boti popita kokaponya. Bwato lonyowa limalemera kuposa amuna awiri, ndipo kulemerako kumakhala pamwamba penipeni, nsonga zake zitatulukira kunja kumene funde lingazikole. Pabata palibe chovuta. Pamwera ndi bwino kuwakoka ndi chingwe chachitali, mpeni uli pafupi ndi woyendetsa, chifukwa bwato lokokedwa likadzaza madzi limagwira boti kumbuyo n'kulitsitsa. Kukula kwa chombo sikutchinjiriza kugubuduzika. Vipya inali sitima yachitsulo, yatsopano, koma mu Julayi 1946 inagubuduzika ndi namondwe kumpoto kwa nyanja yomweyi ndipo anthu 145 anafa.

Boti la matabwa likadzaza madzi kawirikawiri silimira lonse, koma injini, mabatire ndi miyala ya ukonde zimalikokera pansi chakumbuyo. Zigubu za malita 20 zopanda kanthu, zotsekedwa bwino, chilichonse chimanyamula pafupifupi makilogalamu 19. Mangani 10 kapena 12 pansi pa mipando, m'mbali zonse ziwiri, zambiri chakumbuyo. Zikhale m'mbali ndi m'mwamba, osati pansi pakati, apo ayi boti lodzaza madzi lidzatembenuzika chadodolido. Zimangidwe ku nthiti ndi chingwe cholimba. Chigubu chongolowetsa pansi pa mpando chimathawa chokha madzi akafika. Kunja kwa boti muzungulize chingwe cholendewera pang'ono choti anthu agwire. Boti likadzaza, alovi asalisiye n'kuyamba kusambira: ofunafuna amaona boti msanga kusiyana ndi mutu wa munthu pakati pa mafunde.

Za matabwa. Mlombwa ndiye wodalirika, koma wa pakati pa mtengo, wofiirira. Mbali yoyera ya kunja imaola ndi kufumbwa msanga, ndipo ogulitsa ena amaibisa ndi penti. Mbawa nayonso imagwira ntchito. Mkungudza wa ku Mulanje kale unkakhomera maboti abwino, opepuka ndi osaola, koma lero watsala pang'ono kutheratu ndipo kudula kwake n'koletsedwa. Wina akakutsatsani, mukaneni. Bulugamu wokhwima ndi wouma bwino amatha kukhala msana ndi nthiti, koma pa matabwa a m'mbali amakonda kung'aluka. Paini wosathira mankhwala ndi wa nyengo zochepa chabe. Matabwa olimbawa akusowa ndipo akwera mtengo, choncho gulani okhala ndi zikalata za a Zankhalango, mungadzalandidwe panjira. Makulidwe a thabwa akhale mamilimita 25 atapala kale, nthiti zitalikirane masentimita 30 mpaka 40, ndipo polumikiza msana ndi mutu, komanso msana ndi thabwa la kumbuyo, pakhale mabawuti, osati misomali yokha. Misomali ikhale yosachita dzimbiri, yotulukira mkati n'kuipinda. Misomali wamba ya denga la nyumba imadyeka pakati pa thabwa ndi nthiti pamene diso siliona, ndipo chizindikiro chake ndi kadontho kakuda kozungulira mutu wa msomali.

Ngati mwapeza logwiritsidwapo kale ntchito, pitani ndi sikuludiraiva ndi hamala. Madzi opanda mchere amaoletsa mtengo msanga, makamaka pamalo ponyowa n'kumauma. Bayani m'munsi mwa nthiti, pansi pa mipando, polumikiza mutu ndi msana, ndi pamene zomangira injini zimaluma. Chitsulo chikalowa mosavuta, pamenepo paola. Gogodani thabwa lililonse: lamoyo limalira mokweza, loola limangoti phu. Phula latsopano lokhuthala pamalo amodzi likufunseni mafunso. Amuna awiri agwire kumutu, awiri kumbuyo, alipotokole uku ndi uku. Likamalira m'mfundo ndi kutsegula mipata, misomali yatha, ndipo kukonza kwake kungafanane ndi kukhoma latsopano. Pomaliza likapeni liume, ligone pamadzi usiku umodzi, m'mawa muone madzi amene lamwa.

Faiba sindikuinyoza. Siola, ndi yopepuka, imadya petulo wochepa, ndipo kwa wa matchera, wonyamula nsomba kupita kumsika kapena woyendetsa alendo ku chilumba cha Thumbi ndi yabwino. Koma ambiri mwa maboti a faiba amene amagulitsidwa otsika mtengo anapangidwira anthu anayi kapena asanu othamanga masana, osati gulu la chilimira. Milomo yake ndi yotsika, mutu wopepuka umauluzika ndi mphepo, ndipo kulikoka pamchenga tsiku lililonse kumalidya pansi mpaka ulusi kuonekera. Likabooka pamwala simungaitane mmisiri wa padoko ndi thabwa ndi phula. Pamafunika mankhwala ake ndi nsalu yake, zomwe sizipezeka paliponse. Choopsa koposa: faiba payokha imamira. Boti lopanda zipinda zotsekedwa kapena thovu louma la m'kati likadzaza madzi limapita pansi lonse. Mukalifunabe, lisachepere mamita 7, likhale lopangidwira usodzi, ndipo muliyese ndi matumba a mchenga omwe aja. Pondani pansi pake mumve ngati pakunyenyeka. Kwezani mwendo wa injini n'kuukankha: thabwa la kumbuyo likagwedera, pulayiwudi ya m'kati mwake yaola. Likakhala lolemera modabwitsa pa msinkhu wake, thovu lake lamwa madzi ndipo silidzayandamitsanso kanthu.

Injini ya 40 pa boti losenza chonchi ndi kuotcha ndalama. Boti lolemera la mamita 8 kapena 9 liwiro lake limathera pa makilomita 12 kapena 13 pa ola. Mukawonjezera moto kupyola apo, kumbuyo kumatitimira, mutu n'kuyang'ana kumwamba, liwiro osasintha kwenikweni, ndipo mwatsitsa mbali yomwe ija yolowera madzi. Injini ya 15 yosakaniza petulo ndi oyilo, monga Yamaha Enduro zofala m'madoko muno, imamwa pafupifupi malita 7 pa ola mukaitsegula yonse ndipo imalemera makilogalamu osafika 40. Ya 40 imamwa pafupifupi malita 20 ndipo imalemera kupitirira 70. Ya 15 ikukwanirani. Ya 25 ndi yabwinopo ngati muzikoka mabwato awiri moyang'anizana ndi mwera. Ndalama yotsalayo igule majekete oyandamitsa a mlovi aliyense, nkhafi zinayi zazitali, ndi pulopela yapadera.

Injini zambiri zimazimira pamafunde chifukwa cha petulo, osati ukalamba. Boti likamagwedezeka, madzi ndi zinyalala za pansi pa thanki zimavunduka n'kukatseka kabuleta. Sefani petulo pothira, tsukani thanki kawirikawiri, ndipo musanyamuke ndi thanki yotsala pang'ono. Oyilo muyeze, osangothira mwa diso: injini zambiri zamtunduwu zimafuna gawo limodzi pa magawo 50, kutanthauza mamililita 400 pa malita 20, koma tsimikizani m'buku la injini yanu. Petulo mumugawe patatu: wopitira, wobwerera, ndi wosakhudza. Pamwera gawo lobwerera limatha msanga kuposa lopitira. M'kachitini kotsekedwa muzikhala mapulagi awiri, sipanala yake, chingwe cholizira chapadera, mapini a pulopela ndi pulayala. Muziyang'ana kamadzi kotuluka kumbuyo kwa injini. Kakasiya, zimitsani msanga, mchenga watseka kapena kampira kopopa madzi katha.

Injini ikazima pakati pa mafunde, boti limatembenuka n'kupereka nthiti kwa funde, ndipo m'mene ambiri amagubuduzikira ndi momwemo. Kunja kwa Mumbo nangula sangafike pansi paliponse. Mangani ndowa yolimba kapena tayala ku chingwe cha mamita 30 kapena kuposa, muponye kuchokera kumutu. Chimagwira madzi, mutu n'kuyang'ana kumene mphepo ikuchokera, komanso chimachepetsa kutengeka kwanu pamene wina akukonza injini. Pamalo osaya pamene nangula agwira, chingwe chitalike kasanu kuya kwa madziwo, ndipo chimangidwe kumutu nthawi zonse, osati kumbuyo. Poyenda, funde musaliyang'ane chamutu ndi moto wonse. Lidutseni mopendeketsa pang'ono, chepetsani moto pamwamba pake, onjezani potsika. Pokocheza pa mpoto, khalani kumsana kwa funde limodzi n'kuyenda nalo osalipitirira; mukalipitirira mutu umazika mumchenga, funde lotsatira n'kukhotetsa boti cham'mbali. Kuyambira pamene nyanja inakwera kwambiri mu 2024, m'magombe ena muli zitsa ndi maziko a nyumba pansi pa madzi, choncho doko lachilendo muyambe mwafunsa eni ake.

Boti likatha, likalembetsedwe ndi kuyenderedwa ndi a dipatimenti yoona za maulendo a pamadzi, ndipo laisensi ya chilimira ikhale ya chaka chimenecho. A zanyengo amalengeza pa wailesi mwera wamphamvu ukamabwera. Masiku otero ngakhale boti limene tafotokozali ligone pamchenga. Kuseri kwa Mumbo ndi Domwe mungabisaleko mphepo, koma musaponye ukonde: mamita 100 kuchokera pagombe la zilumbazi ndi malo otetezedwa a Lake Malawi National Park.

Posankha mmisiri, musafunse iye mwini za luso lake. Pitani padoko mukaone maboti ake amene akhala pamadzi zaka zitatu kapena zinayi, mufunse alovi ake kuti amakapa kangati pa ulendo umodzi. Alangizi a zausodzi ndi aphunzitsi a ku koleji ya zausodzi ku Mpwepwe angakuthandizeni kuunika miyezo musanadule thabwa. Miyezoyo ilembedwe papepala: utali, kutambalala, kuya kwa pakati (kusachepere masentimita 80), msinkhu wa thabwa la kumbuyo, kutalikirana kwa nthiti, mtundu wa matabwa ndi wa misomali. Misomali ndi mabawuti mukagule nokha. Lipirani m'magawo atatu: loyamba pogula matabwa, lachiwiri mutaona msana ndi nthiti zitaima matabwa a m'mbali asanakhomedwe, lachitatu mutaliyesa pamadzi. Muuzeni asapake penti kapena phula musanaone thabwa lililonse ndi maso anu. Boti latsopano limamwa madzi masiku atatu kapena anayi oyambirira mpaka matabwa atafufuma n'kutseka mipata, choncho liyandame pafupi ndi gombe masiku amenewo, kenaka mubwere ndi matumba a mchenga ndi tepi.